Intaneti ikugwira koma makompyuta sakuonana: vuto lili pati?

Funso: Ndili ndi shopu yotaipa makalata, kupulinta ndi kupanga fotokope pa Balaka. Muli makompyuta awiri a padesiki ndi laputopu imodzi. A padesikiwo analumikizidwa ndi waya ku rauta ya simu khadi. Chaka chatha tinawonjezera karauta kena kuti Wi-Fi izifika pakhonde, ndipo laputopu imagwiritsa ntchito kameneko. Intaneti ikugwira paliponse. Koma kompyuta ya pakauntala imaona foda ndi pulinta za pa kompyuta ya mkati nthawi zina zokha: m'mawa zilipo, masana zasowa. Laputopu ndiye sinaonepo chilichonse. Panopa tikungoyenda ndi flash. Mnyamata wina akuti tifomate makompyuta onse. Nditani?

Yankho: Mayi, musafomate. Kufomata kukudyerani tsiku lathunthu la ntchito, mwinanso ndi mafayilo a makasitomala omwe, ndipo Windows yatsopanoyo ikadzayaka idzakukanizani zomwezi, pakuti imabwera itatsekeratu zogawana mafoda. Pa zimene mwafotokozazi sindikuonapo kompyuta yowonongeka. Ndikuona mavuto awiri amene akuoneka ngati limodzi. Laputopu sinaonepo kanthu chiyambire, pamene ya pakauntala imaona kenako n'kusiya. Vuto lokhazikika ndi vuto lobwera n'kumapita magwero ake nthawi zambiri amasiyana, ndiye tiwasaka padera.

Chimene chimasocheretsa anthu ambiri ndi intaneti ikugwirayo. Amati ngati Facebook ikutseguka pa makompyuta onse ndiye kuti netiweki ili bwino. Ayi ndithu. Kuti intaneti igwire, kompyuta imangofunika kumvana ndi rauta basi: iyo imapempha, rauta n'kukatenga yankho kunja. Koma kuti ya pakauntala itsegule foda ya mkati, awiriwo ayenera kukhala pa netiweki imodzi, rauta iwalole kulankhulana, ya mkatiyo ikhale ili maso, ivomere kuyankha, ndiponso imudziwe amene akupemphayo. Paliponse pamenepa pakhoza kuduka, intaneti n'kumagwirabe ngati palibe chavuta. Ntchito yathu ndi kupeza padukapo, kuyambira pansi kukwera. Ndipo muzisintha chinthu chimodzi, muyese, kenako china. Mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi mwina zitheka, koma vutolo likadzabweranso simudzadziwa chinathandiza n'chiti.

Tengani pepala ndi cholembera. Pa kompyuta iliyonse dinani batani la Windows pamodzi ndi chilembo R, mulembe cmd, mudine Enter. Patuluka zenera lakuda. Lembanimo ipconfig, Enter. Pa zonse zimene zitatuluke mukufunapo mizere itatu yokha: IPv4 Address, Subnet Mask ndi Default Gateway. Koperani manambala a makompyuta onse atatu papepala limodzi kuti muwaone moyandikana.

Muona zinthu zonga 192.168.8.101, 255.255.255.0 ndi 192.168.8.1. Yoyambayo ndi adiresi ya kompyutayo, yomaliza ndi ya rauta. Yapakatiyo ikakhala 255.255.255.0, monga zimakhalira m'maofesi aang'ono pafupifupi onse, ndiye kuti magawo atatu oyamba a adiresi ali ngati dzina la mudzi, gawo lomaliza ndi nyumba. Choncho 192.168.8.101 ndi 192.168.8.102 ndi a mudzi umodzi, akhoza kuitanana ali pakhonde. Koma 192.168.0.100 ndi wa mudzi wina, ngakhale desiki yake itagundana ndi ya anzakewo. Chofunika n'chakuti magawo atatu oyamba afanane pa makompyuta onse, lomaliza lisiyane, ndipo gateway ikhale imodzi.

Sindikukayika kwenikweni kuti laputopu yanu ituluka ndi manambala osiyana ndi anzake, ndipo wolakwa ndi karauta ka pakhonde kaja. Marauta ambiri a simu khadi a Huawei amagawa maadiresi oyamba ndi 192.168.8, pamene ambiri a TP-Link amagawa oyamba ndi 192.168.0. Katembenuzeni karautako muone kumbuyo kwake. Kuli bowo limodzi la mtundu wosiyana ndi anzake, lolembedwa WAN kapena Internet. Amene anakulumikizirani ayenera kuti analowetsa waya wochokera ku rauta yaikulu m'bowo limenelo, ndipo sindingamudzudzule kwambiri, chifukwa kabuku kake kamanena zomwezo. Koma mukatero karautako kamayamba kugawa maadiresi akeake, ndipo makompyuta a mu shopu kamawaona ngati ali kunja, limodzi ndi intaneti yonse. Intaneti imadutsa bwinobwino. Mauthenga amene makompyuta amalengezerana kuti "ine ndili pano" ndi amene sawoloka rauta, choncho laputopuyo singaone foda yanu mu Network, mndandanda wa makompyuta oyandikana umene Windows imaonetsa, ngakhale mutadikira mpaka chaka chamawa. Chodabwitsa chake n'chakuti kuchokera pa laputopu nthawi zambiri mukhoza kuifikira kompyuta ya mkati mukalemba adiresi yake pamanja, koma kuchokera mkati kufikira laputopu sizitheka. Mukaona njira ikuyenda mbali imodzi yokha chonchi, kayikirani rauta yachiwiri.

Kukonza kwake sikufuna ndalama. Lumikizani laputopu ku karautako, tsegulani browser, lembani adiresi ya gateway munakopera ija, mulowe ndi dzina ndi pasiwedi zolembedwa pakapepala ka pansi pake, ngati sizinasinthidwe. Mukapeza polembedwa Operation Mode, sankhani Access Point, mwatha. Ngati palibe, chitani pamanja. Zulani kaye waya wochokera ku rauta yaikulu. Kapatseni karautako adiresi ya mudzi umodzi ndi makompyuta a mu shopu koma imene palibe akuigwiritsa ntchito, monga 192.168.8.2, marauta ambiri amayamba kugawa pa 100, ndiye manambala a pansiwa amakhala opanda mwini, koma tsimikizani pa yanu. Lowaninso pa adiresi yatsopanoyo, thimitsani DHCP Server, imene imagawa maadiresi, sungani. Pomaliza lowetsani waya uja m'bowo lililonse la LAN, la WAN lisiyeni lopanda kanthu. Kuyambira pamenepo wogawa maadiresi akhala mmodzi yekha, rauta yaikulu.

Pali manambala enanso amene amadzinenera okha. Adiresi ikayamba ndi 169.254, ikutanthauza kuti kompyutayo inapempha adiresi kwa rauta koma sinayankhidwe, ndiye inangodzipatsa yokha. Pamenepo vuto ndi waya, bowo la pa rauta, kapena rautayo inali isanadzuke. Mukaona 172.20.10, laputopu yanu ili pa hotspot ya iPhone ya munthu wina. Mafoni ambiri akale a Android amapereka 192.168.43. Izi zimachitika kawirikawiri kuposa mmene mungaganizire. Tsiku lina bandulo itatha mwana wa pashopu anayatsa hotspot ya foni yake, laputopu inaikumbukira, ndipo tsopano imathamangira komweko nthawi iliyonse foniyo ikayandikira.

Nanga manambala akafanana koma laputopu n'kumakanabe? Fufuzani mu rauta, pa gawo la Wi-Fi, polembedwa AP Isolation kapena Client Isolation. Pamenepa pakayatsidwa, aliyense wa pa Wi-Fi amapatsidwa intaneti koma amaletsedwa kuona anzake. Wi-Fi ya alendo, yotchedwa Guest, imakhala chomwecho mwadala. Pa Wi-Fi ya ntchito thimitsani, koma musaiwale kuti ilipo, chifukwa muifuna posachedwapa.

Manambala akalongosoka, tiyese ngati makompyutawo akumvana. Pazenera lakuda la pakauntala lembani ping, siyani mpata, kenako adiresi ya rauta: ping 192.168.8.1. Ikayankha, yesani adiresi ya kompyuta ya mkati. Kenako mukachite zomwezo muli mkati, kuloza ku kauntala. Ping imatumiza timauthenga tinayi n'kudikira mayankho, ndipo mmene yayankhira ndi mmene muli nzeru yonse.

"Reply from 192.168.8.101" yotsatana ndi bytes ndi time ndiye yabwino. Pa waya nthawiyo imayenera kukhala millisecond imodzi kapena kucheperapo. "Destination host unreachable" ikutanthauza kuti kompyuta yanu yafunsa pa netiweki yonse kuti mwini adiresi imeneyi ndani, palibe wavomera. Inzakeyo yathima, yagona, yasintha adiresi, kapena waya wake wafa. Apa pali msampha: mzere umenewu umayambanso ndi mawu akuti "Reply from", ndipo pansi pake Windows imalemba kuti Lost = 0, ngati zonse zayenda. Yang'anitsitsani adiresi imene yayankhayo, mupeza kuti ndi ya kompyuta muli nayo pamanjayo, ikudziyankha yokha. Anthu ambiri, ngakhale odziwa, amapusitsidwa pamenepa. Yachitatu ndi "Request timed out". Imeneyi kawirikawiri imatanthauza kuti inzakeyo ilipo koma yasankha kukhala chete, chifukwa firewall ya Windows, mlonda wotchinga mauthenga ochokera kunja kwa kompyuta, siyankha ping mpaka italoledwa. Kuti mutsimikize, mukangomaliza ping lembani arp -a. Mukaona adiresi ya inzakeyo pamndandanda, pambali pake pali nambala ina ya magawo asanu ndi limodzi olekanitsidwa ndi timizere, dziwani kuti waya ndi rauta zilibe mlandu. Makinawo amvana, chatsala ndi chilolezo.

Za waya ndinenepo pang'ono, chifukwa vuto lobwera n'kumapita limakonda kubisala mmenemo. Lembani ping 192.168.8.1 -t kuti izingopitirira osaima, kenako gwedezani wayayo pang'onopang'ono pamene walowera pa kompyuta, pa rauta, ndi pamene wadutsa pansi pa chitseko kapena kuseri kwa shelufu. Mayankho akadukiza pamene mwagwirapo, mwapeza. Kuti muimitse dinani Ctrl ndi C. Kapulasitiki kogwiritsa mutu wa waya m'bowo kakathyoka, mutuwo umatuluka pang'ono munthu akangokankha desiki posesa, koma ukauona umaoneka ngati uli m'malo. Tiwaya ta mkati tilipo 8, ndipo liwiro la 100 Mbps limagwiritsa ntchito tinayi tokha, n'chifukwa chake waya wolumidwa ndi khoswe amatha kumagwirabe mwa apo ndi apo m'malo mofa kamodzi. Waya mmodzi asapitirire mamita 100, ngakhale mu shopu simungafikeko. Nyengo ya mvula chiphaliwali chimatha kupha bowo limodzi lokha la rauta ena onse n'kukhala amoyo, ndiye ngati timagetsi ta pabowo sitikuphethira, samutsirani wayayo m'bowo lina musanagule chilichonse.

Tsopano chilolezo chija. Windows imaika netiweki iliyonse m'gulu limodzi mwa awiri, Public kapena Private. Pa Public kompyuta imadzibisa ndipo sigawana kanthu, zomwe n'zoyenera mukakhala pa Wi-Fi ya kuhotela. Pa Private imalola anzake kuiona. Netiweki yatsopano imakonda kugwera ku Public, makamaka pa Windows 11, ndipo mukasintha rauta kapena kuibwezera mmene inachokera kufakitale, Windows imaiyesa yachilendo n'kudzibisanso. Lowani mu Settings, Network & Internet, tsegulani Ethernet kapena Wi-Fi imene mwalumikizayo, musankhe Private. Chitani zimenezi pa makompyuta onse atatu. Kenako sakani Advanced sharing settings, ndipo pa gawo la Private yatsani Network discovery ndi File and printer sharing. M'mashopu ndi m'maofesi aang'ono ambiri nkhani imathera pomwepa.

Ikapanda kuthera apo, ganizirani antivayirasi. Yambiri yogula, ndi ina yaulere yomwe, imabwera ndi firewall yakeyake imene simvera zimene mwasintha mu Windows, ndipo nayonso imafuna muiuze kuti netiweki iyi ndi yodalirika. Kuthimitsa firewall kwa mphindi imodzi kuti muone ngati ndi imene ikutchinga, palibe cholakwika. Kuisiya yothima mpaka kalekale, monga amachitira amisiri ena ofuna kulandira ndalama msanga n'kumapita, ndi kumene ndikukaniza. Mu shopu ngati yanu mumalowa ma flash a anthu osiyanasiyana tsiku lililonse, ndipo inu nomwe mukudziwa zimene amabwera nazo.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna muchigwire kuposa zonse: musakhulupirire foda yolembedwa Network ija. Kompyuta kusaoneka mmenemo sikutanthauza kuti siifikirika. Mndandanda umenewo umadalira kulengezerana kumene kumachedwa, kumaiwala, nthawi zina osachitika n'komwe. Njira yodalirika ndi kuitana ndi nambala. Dinani Windows ndi R, mulembe timizere tiwiri topendekera kumbuyo kenako adiresi ya kompyuta ya mkati, chonchi: \\192.168.8.101. Pakatuluka zenera loonetsa foda ndi pulinta, kapena lofunsa dzina ndi pasiwedi, netiweki yanu ili bwinobwino. Pakatuluka uthenga wokhala ndi 0x80070035, wonena kuti njira sinapezeke, bwererani ku Private ndi firewall. Kugawana mafoda kumadutsa pa port 445, limene lili ngati khomo lake pa kompyuta, ndipo mukhoza kuiyesa payokha: tsegulani PowerShell, zenera lina lolembamo malamulo, mulembe Test-NetConnection 192.168.8.101 -Port 445. Mzere wa TcpTestSucceeded ukanena True, njira ndi yotseguka.

Ngati mukufunabe kuti mayina azioneka mu Network, pa kompyuta ya mkati dinani Windows ndi R, mulembe services.msc, pezani Function Discovery Provider Host ndi Function Discovery Resource Publication, muziike pa Automatic n'kuziyatsa. Malangizo ambiri akale amene mungawapeze posaka adzakuuzani za HomeGroup, koma Microsoft inaichotsa mu Windows 10 m'chaka cha 2018. Ena adzakuuzani kuti muyatse SMB 1.0. Imeneyo ndi njira yakalekale yogawanira mafayilo, ndipo ndi imene vayirasi ya WannaCry inadzera mu May 2017 pofalikira m'mayiko ambirimbiri, mpaka kuimitsa ntchito m'zipatala za ku Britain. Kuyambira kumapeto kwa chaka chomwecho Windows 10 inayamba kuisiya. Mukaiyatsa mayina akhoza kuoneka, inde, koma mtengo wake ndi waukulu. Windows 7 siifuna, imadziwa njira yatsopano. Imene imaumirira SMB 1.0 ndi Windows XP komanso makina ena akale a fotokope otumiza zosikana mu foda. Ngati makina anu ndi otero, sikanirani pa flash ya pashopu kapena fufuzani ngati ali ndi firmware yatsopano, pulogalamu ya mkati mwa makinawo.

Tinene kuti zenera lofunsa pasiwedi latuluka. Apa anthu amalemba pasiwedi ya kompyuta akhalapoyo, n'kumadabwa kuti ikukanidwa. Ikufunidwa ndi ya akaunti ya pa kompyuta ya mkati, mwini fodayo. Ndipo pali zokhumudwitsa ziwiri. Akaunti yopanda pasiwedi, imene mumangoyatsa n'kulowa, Windows siilola kudzera pa netiweki. PIN ya manambala imene mumalowera m'mawa nayonso sigwira. Imagwira pa kompyuta yomweyo pokha. Chophweka n'kupanga akaunti ina pa kompyuta ya mkati, ya local osati ya Microsoft, yopanda mphamvu za Administrator, muitche shopu kapena dzina lina lililonse, muipatse pasiwedi yabwino. Enawo azilowera imeneyo. Ngati kompyuta ya pakauntala ikukana popanda n'kufunsa komwe, ndiye kuti inasunga pasiwedi yakale. Tsegulani Credential Manager, pa Windows Credentials fufutani mzere wa kompyuta ya mkati, muyesenso. Ena amathawira ku kuthimitsa Password protected sharing kuti aliyense azingolowa. Sindikulimbikitsa, komanso Windows 11 yatsopano, makamaka ya Pro, imakana kulowa kopanda pasiwedi kotero, ndiye mudzangodzipezera mutu wina.

Foda nayo ili ndi maloko awiri, ndipo ambiri amatsegula limodzi. Dinani kumanja pa fodayo, Properties. Pa Sharing, Advanced Sharing, Permissions, onjezerani akaunti ija. Kenako pitani pa Security muionjezerenso pamenepo. Pakati pa awiriwa, wokhwimitsa kwambiri ndi amene amapambana, choncho mukalola kulemba pa Sharing koma pa Security pali kuwerenga kokha, wa pakauntala azitsegula kalata koma azilephera kusunga. Ndipo gawanani foda imodzi ya ntchito, osati diski yonse.

Paja ndinati isolation muifuna. Mukangolumikiza marauta awiriwo kukhala netiweki imodzi, aliyense amene munamupatsa pasiwedi ya Wi-Fi ya pakhonde akhala pa netiweki imodzi ndi mafoda anu, mmene muli ma CV a anthu, makalata a kubanki ndi makope a ziphaso zawo. Sinthani pasiwedi ya Wi-Fi ya ntchito, ikhale ya pashopu pokha. Makasitomala atsegulireni Guest, ndipo muiyese nokha ndi foni kapena laputopu kuti muone ngati ikuletsadi kufikira makompyuta a mkati, chifukwa pa timarauta tina Guest imasiya kutchinga bwino tikaikidwa pa Access Point. Ikapezeka yotero, Guest muyatse pa rauta yaikulu.

Tibwere ku vuto la m'mawa lilipo, masana lasowa. Woyamba kumukayikira ndi tulo. Kompyuta ya mkati ikakhala kanthawi osagwiridwa, mwina pamene wotaipa wapita kukadya nsima, imagona, ndipo ikagona foda ndi pulinta zimagona nayo. Mu Settings, pa System, gawo la Power, ikani Sleep pa Never. Sikirini yokha ikhoza kumathima. Mu Device Manager, pa Network adapters, tsegulani khadi la netiweki, ndipo ngati pali Power Management chotsani chizindikiro pamene pakulola kompyuta kulithimitsa pofuna kusunga magetsi. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsiku limene foda yasowa, lowani mkati mugwedeze mausi, dikirani pang'ono, muyesenso.

Wachiwiri ndi magetsi. Maadiresi amene rauta imagawa ndi obwereka, si a muyaya. Magetsi akathima n'kuyakanso, marauta ena amaiwala kuti 101 inali ya ndani, n'kuipereka kwa amene wayamba kupempha, mwina foni ya munthu wa pakhonde. Kompyuta ya mkati imalandira 104, koma shortcut ya pakauntala ikulozabe ku 101. Palinso kuthamangitsana: kompyuta imatha kudzuka rauta isanamalize kuyaka, n'kudzipatsa 169.254 ija. Nthawi zambiri imadzikonza yokha pakapita mphindi zingapo, koma ngati kasitomala waima pakauntala lembani ipconfig /release kenako ipconfig /renew. Mankhwala okhalitsa ndi kuuza rauta kuti kompyuta ya mkati izilandira adiresi imodzimodzi nthawi zonse. Pa tsamba la rauta, pa DHCP, pamakhala Address Reservation, Static Lease kapena IP and MAC binding, malinga ndi mtundu wake. Ikufunsani MAC address, nambala ya magawo asanu ndi limodzi ija, imene muipeza polemba ipconfig /all, pamzere wa Physical Address wa khadi la Ethernet. Ngati rauta yanu ilibe zimenezi, ikani adiresiyo pamanja pa kompyutayo, koma musankhe nambala ya kunja kwa imene rauta imagawa, monga 192.168.8.10, ndipo musaiwale kulemba gateway ndi DNS, imene imamasulira mayina a mawebusaiti kukhala maadiresi, apo ayi foda igwira intaneti n'kufa. Mukasankha nambala ya mkati mwa zogawidwazo, tsiku lina rauta idzaipereka kwa wina, awiri adzakhala ndi adiresi imodzi, ndipo onse azidzagwira mosinthana. Ka UPS kakang'ono, kabatire kosunga magetsi, ka rauta yokha kamachepetsanso mavuto amenewa.

Onaninso mayina. Pa kompyuta iliyonse lembani hostname pazenera lakuda. Makompyuta a kaunjika ogulidwa malo amodzi nthawi zina amaikidwa Windows yokopedwa pa diski imodzi, onse n'kutuluka ndi dzina lofanana. Awiri akakhala ndi dzina limodzi, mndandanda wa Network umasokonekera. Apatseni mayina osiyana, aafupi, opanda mipata, monga KAUNTALA ndi MKATI.

Za pulinta, zimatengera mmene inalumikizidwira. Ngati ili pa USB ku kompyuta ya mkati, izigwira pokhapokha kompyutayo ili yoyaka ndiponso zonse tanenazi zili m'malo. Mukatsegula \\192.168.8.101, kapena adiresi imene mwaikhazika, muiona. Dinani kumanja musankhe Connect. Ikakana ndi 0x0000011b, dziwani kuti vutolo linayamba mu 2021, Microsoft itakhwimitsa chitetezo cha mapulinta ogawana, ndipo limakonda kutuluka pamene kompyuta ina yalandira ma update koma ina yatsalira. Ambiri amene amathimitsa update pofuna kusunga bandulo amakumana nalo. Ikani ma update pa onse, ndipo driver ya pulintayo, pulogalamu yoiyendetsera, muiike kaye pa kompyuta ya pakauntala musanadine Connect. Kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndipo Windows 10 nthawi yake inatha pa 14 October 2025, choncho makompyuta osiyana mibadwo azivutana pa nkhani ya pulinta kuposa pa nkhani ya mafoda.

Koma musanavutike ndi zonsezo, yang'anani kumbuyo kwa pulintayo ndi kwa makina a fotokope. Ngati kuli bowo lolowa waya wa netiweki, ngati la pa rauta, gulani waya mmodzi muilumikize ku rauta mwachindunji. Isungireni adiresi yakeyake monga tachitira ndi kompyuta, kenako pa kompyuta iliyonse muionjezere posankha njira yolemba IP address. Ikakhala choncho sidaliranso kompyuta ya mkati, kaya yagona kaya yathima, ndipo nkhani ya mapasiwedi ndi 0x0000011b siikhudzanso. Marauta a simu khadi ena amakhala ndi mabowo ochepa. Akakuperewerani, ka switch, kabokosi kowonjezera mabowo, ka mabowo asanu kamakwanira, ndipo sikafuna kusetedwa, mumangolowetsa mawaya.

Mukayesa zonsezi n'kukanikabe, mundilembere muli ndi zinthu zitatu m'manja: pepala la manambala lija la makompyuta onse atatu, mawu enieni amene ping yayankha mbali zonse ziwiri, ndi uthenga wonse umene ukutuluka mukalemba adiresi ndi timizere tiwiri, mutaukopera mmene ulili pamodzi ndi nambala yake. Pasiwedi musanditumizire.